KUIKA INJINI YINA M'GALIMOTO: ZA MAWAYA NDI KOMPYUTA

Munthu ali yense wa kum'mawa amene agwira nchito ku migodi kapena m'matauni audziwa bwino mseu waukulu wocokera ku Lusaka kunka ku Chipata, umene utchedwa Great East Road. Galimoto ikaoloka mlatho wa Luangwa, umene unamangidwa m'caka ca 1968, iyamba kukwera zitunda ndi kukhotakhota m'mapiri kufikira ku Kacholola ndi ku Nyimba, ndipo patsogolo pace ifika ku Petauke. M'miyezi ya cilimwe dzuwa la m'cigwa ca Luangwa liotcha koopsa, ndipo galimoto yolemedwa ndi anthu, matumba a cimanga ndi nshawa, kapena mikoko ya nthoci za ku Nyimba, itentha msanga pa zitunda zimenezo. Madzi akatha m'radiyeta kapena oilo akacepa, woyendetsa osazindikira, injini ionongeka kotheratu, ndipo amakanika anena kuti yanoka.

Magalimoto ambiri oyenda mu mseu umenewu, monga Toyota Corolla, Spacio, Noah ndi timabasi ta Hiace, anayamba agwira nchito ku Japan asanafike ku Zambia. Ku Japan kuli lamulo lakuti galimoto yatsopano ipimidwe itatha zaka zitatu, ndipo pambuyo pace zaka ziwiri ziri zonse. Popeza kupimitsako kudya ndalama zambiri, eni ace agulitsa magalimoto akali olimba. Ena afika athunthu kudzera pa madoko a Dar es Salaam, Durban ndi Walvis Bay. Ena aphwasulidwa, ndipo injini zao zigulitsidwa m'masitolo a zitsulo za magalimoto mu Lusaka ndi ku Copperbelt.

Cifukwa cace injini ikafa ku Petauke kapena ku Nyimba, mwini galimoto sataya mtima. Kawirikawiri mwiniyo ali ku Kitwe, ku Mufulira kapena ku Chingola, ndipo galimotoyo anaigula ndi thukuta la pansi pa mgodi kuti abale ace kumudzi apezepo cakudya ndi ndalama za sukulu. Iye atumiza ndalama, mbale wina agula injini mu Lusaka naikweza pa lore, ndipo makanika aimanga m'galimoto. Mabauti onse alowa m'malo mwace bwino lomwe, koma potembenuza kiyi injini ingozungulira osalira. Kapena ilira, koma imwa petulo wambiri, ifuka utsi wakuda, ndipo ikana kukwera citunda. Pamenepo mwini anena kuti wogulitsa anamnyenga, wogulitsa aloza cala makanika, ndipo galimoto ikhala pa miyala miyezi yambiri.

Nthawi zambiri injiniyo iribe cirema. Bvuto liri pa zinthu ziwiri zimene ogula aziiwala cifukwa n'zopepuka ndipo sizioneka ngati za mtengo wace. Cimodzi ndi mtolo wa mawaya umene amakanika autcha hanesi. Cinzace ndi kabokosi kolamulira injini, kotchedwa kompyuta. Injini, hanesi ndi kompyuta, ndipo pa magalimoto ena kiyi yemwe, zinapangidwa kuti zigwire nchito pamodzi, ndipo munthu wogula cimodzi nasiya zinazo wagula theka la cinthu.

KALE NDI TSOPANO

Acikulire akumbukira magalimoto akale monga Land Rover, Bedford ndi Peugeot 404. Injini zao za petulo zinali ndi kabuleta, imene inasanganiza petulo ndi mpweya, ndiponso disitibyuta, imene inagawira moto ku mapulagi. Zonsezi zinayenda ndi zitsulo, masipulingi ndi mpweya wokokedwa ndi injini. Mawaya ofika pa injini anali owerengeka pa zala: wa ku koilo, wa ku sitata, wa ku jenereta, wa kusonyeza kutentha, ndi wa nyali ya oilo. Kotero makanika wocenjera anakhoza kucotsa injini m'galimoto ya mtundu wina naiika mu yina, ndipo nchito yace yaikulu inali ya kuotcherera zogwirira injini ndi kuilumikiza ku giyabokosi.

Zinthu zinayamba kusintha m'caka ca 1967, pamene kampani ya Bosch ya ku Germany inatulutsa njira yopopera petulo m'injini molamulidwa ndi magetsi, ndipo njirayo inaikidwa m'galimoto ya Volkswagen 1600. Pambuyo pace maiko olemera anakhazikitsa malamulo oletsa utsi woipa, ndipo kabuleta inalephera kuyeza petulo mosamala monga malamulowo anafunira. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, magalimoto ang'ono a petulo ogulitsidwa ku Japan, ku Ulaya ndi ku America anali atasiya kabuleta pafupifupi onse. Magalimoto a mbadwo umenewo ndi wa pambuyo pace ndiwo adzaza miseu ya Zambia.

NCHITO YA KOMPYUTA

Anthu a ku migodi adzamva msanga nkhaniyi akakumbukira kheji. Munthu woyendetsa makina okweza ndi kutsitsa kheji akhala m'nyumba yace pamwamba, ndipo saona anthu amene ali pansi. Iye amvera belu. Kalizidwe kali konse ka belu kali ndi tanthauzo lodziwika kwa onse, kena ka kukweza, kena ka kutsitsa, kena ka kuimitsa. Cingwe ca belu cikaduka kheji iima. Ndipo woliza belu akabwera ndi kalizidwe kacilendo, woyendetsa samva, kapena amva zolakwa, ndipo pacitika ngozi.

Kompyuta ya galimoto iri monga woyendetsa uja. Siona injini, ingomva mau ocokera ku tizipangizo totchedwa masensa. Sensa yina iiuza pamene kirankishafuti yafika pozungulira, yina kuculuka kwa mpweya wolowa, yina kutentha kwa madzi, yina m'mene woyendetsa wapondera pa akiseleta, ndipo yina, yokhala pa ekizozi, iyesa utsi ndi kunena ngati petulo wapsa bwino. Kompyuta iwerengera zonsezi kambirimbiri pa sekondi imodzi, nilamula mainjekita kuti apopere petulo wa muyeso wakuti, ndi makoilo kuti aponye moto pa nthawi yace. Petulo apsa yense bwino pamene gawo lace limodzi likomana ndi magawo 14.7 a mpweya, poyeza kulemera, ndipo kompyuta ilimbikira kusunga muyeso umenewu.

Tsono mkati mwa kompyuta iri yonse munalembedwa kale ku fakitale malangizo a injini ya mtundu umodzi wokha: ukulu wa masilinda ace, mphamvu ya mainjekita ace, ndi mau amene masensa ace atumiza. Mwacitsanzo, injini ya Toyota yotchedwa 1NZ-FE iri ndi gudumu la mano 34 pa kirankishafuti, lokhala ndi mpata wa mano awiri osowa, ndipo kompyuta yace iwerenga manowo kuti idziwe pamene pisitoni yafika pamwamba. Injini yakale ya 5A-FE, ya m'Corolla za zaka za m'ma 1990, itumiza mau amenewa kucokera m'disitibyuta, mwa kawerengedwe kena. Kompyuta ya 5A-FE ikalandira mau a 1NZ-FE sidziwa tanthauzo lace, ndipo injini siingalire ngakhale iri yamoyo ndithu.

HANESI

Hanesi ndiyo cingwe ca belu cija. Ndi mtolo wa mawaya a mkuwa, wokulungidwa ndi tepi ndi timapaipi ta pulasitiki, wokhala ndi nthambi zofika ku sensa iri yonse, injekita iri yonse ndi koilo iri yonse. Mawaya onse a m'galimoto ya makono, atawalumikiza, apitirira kilomita imodzi, ndipo kapena mkuwa wina wa m'menemo unakumbidwa ku Nkana kapena ku Nchanga, nupita ku maiko a kutali, nubwerera kwao uli m'galimoto.

Kumapeto kwa nthambi za hanesi kuli masoketi, ndipo masoketi olowa m'kompyuta ali ndi mapini makumi ambiri, pa magalimoto ena oposa 100. Pini iri yonse iri ndi nchito yaceyace. Msampha uli apa: masoketi awiri akhoza kufanana maonekedwe nalowana bwino, koma mapini ao ali osiyana nchito. Batire la galimoto yaing'ono lipereka mavolti 12, pamene masensa ambiri agwira nchito ndi mavolti 5 okha ocokera m'kompyuta. Waya wa mavolti 12 akalowa pa pini yoyembekezera mau a sensa, kompyuta ikhoza kupsa nthawi yomweyo, ndipo kompyuta yakupsa siikonzeka ndi sipanala. Utoto wa waya nawonso sungakhulupirike kotheratu, pakuti kampani imodzimodziyo isintha utoto wa mawaya pa galimoto ndi galimoto, ndi pa zaka ndi zaka.

Ndiponso hanesi ya injini siithera pa injini. Ikomana ndi hanesi yina ya thupi la galimoto, imene ifika ku bokosi la mafyuzi, ku pampu ya petulo m'thanki, ku fani ya radiyeta, ndi ku mawotchi a pa dashibodi. Injini yacilendo ikabwera ndi hanesi yace, pa mphambano imeneyi ndi pamene pafunika makanika wa mawaya, wodziwa kuwerenga mapu osonyeza kumene waya ali yense acokera ndi kumene anka.

NJIRA ZITATU

Kusintha injini kuli ndi njira zitatu, ndipo mtengo wace usiyana kutali.

Njira yoyamba ndiyo kugula injini yofanana ndithu ndi imene yafa, ya dzina lomwelo, ya zaka zomwezo, yocokera m'galimoto ya mtundu womwewo. Pamenepo hanesi ndi kompyuta za m'galimoto zikhala m'malo mwao, ndipo makanika angozula masoketi pa injini yakufa nawalowetsa pa yatsopano. Ngati sensa yina yasiyana soketi, acotsa ya pa injini yakale naisamutsa. Iyi ndiyo njira yotsika mtengo ndi yosabvuta, ndipo makanika wabwino wa ku Nyimba kapena ku Petauke aitsiriza m'masiku owerengeka ndi zida zimene ali nazo kale.

Njira yaciwiri ndiyo inyenga anthu ambiri, ndiyo kugula injini ya dzina lomwelo koma ya zaka zina. Injini ya 1NZ-FE inayamba kupangidwa m'caka ca 1999, ndipo inapangidwabe zaka zoposa makumi awiri. Ya m'Corolla zoyamba za NZE121, zimene zinatuluka m'caka ca 2000, iri ndi kebulo yacitsulo yocokera ku akiseleta kufika pa khomo la mpweya. Ya m'Corolla Axio ya NZE141, imene inatuluka m'caka ca 2006, iribe kebulo. Kompyuta ndiyo itsegula khomolo ndi kamota ka magetsi, ndipo giyabokosi yace ya otomatiki ndi ya mtundu wina, wotchedwa CVT. Zonse ziwiri zilembedwa 1NZ-FE, zonse ndi za 1,500 cc, koma hanesi ndi kompyuta zao sizilowana.

Cimodzimodzi eni Noah ayenera kucenjera ndi cilembo cimodzi. Noah ya zaka za 2001 kufikira 2007 iri ndi injini ya 1AZ-FSE, imene ipopera petulo molunjika m'silinda ndi pampu ya mphamvu yaikulu, ndipo iri ndi kabokosi kena koyendetsa mainjekita. Injini ya 1AZ-FE ipopera petulo m'njira ya mpweya ndi mphamvu yocepa. Wofuna kucotsa yoyambayo ndi kuika yaciwiriyo ayenera kubwera ndi hanesi ndi kompyuta zace zomwe. Ndiponso pa magalimoto ambiri a Toyota kompyuta ya injini ndiyo isintha magiya a otomatiki, kotero kompyuta ya galimoto ya giya ya pamanja siingayendetse giyabokosi ya otomatiki.

Njira yacitatu ndiyo kuika injini ya mtundu wina konse. Mwini basi ya Hiace ya injini ya dizilo ya 3L, imene ibvutika pa zitunda za Kacholola ikadzaza anthu, akhoza kusirira mphamvu ya injini yatsopano ya 2KD-FTV. Koma pampu ya 3L iyenda ndi zitsulo, ndipo kuti injini ilire kapena izime pangofunika waya wotsegula ndi kutseka dizilo. Injini ya 2KD-FTV isunga dizilo m'paipi imodzi pa mphamvu yopambana mpweya wa m'tayala kamazana ambiri, ndipo siingalire popanda kompyuta yace, hanesi yace, kabokosi ka mainjekita, ndi akiseleta ya magetsi. Ena acita mosemphana, nacotsa injini ya makono kuti aike yakale yosafuna kompyuta. Injiniyo ilira ndithu, koma mawotchi ena a pa dashibodi afa, ndipo giyabokosi ya otomatiki isokonezeka, pakuti zonsezi zinali kumvera kompyuta imene yacotsedwa. Akulu anati walira mvula walira matope. Wofuna njira yacitatuyi awerengere matope ace asanayambe.

KIYI WODZIWA MWINI WACE

Pa magalimoto ambiri a zaka zaposacedwa pali cinthu cina cotchedwa imobilaiza, cimene cinapangidwa kuti ciletse akuba. Ku Germany ndi ku Britain cinakhala lamulo pa magalimoto onse atsopano m'caka ca 1998, ndipo pang'onopang'ono cinafala pa magalimoto a ku Japan, makamaka oyatsa ndi batani. M'mutu wa kiyi muli kanthu kakang'ono kosunga nambala yobisika. Poyatsa galimoto nambalayo iwerengedwa, ndipo ngati siiri imene kompyuta iidziwa, kompyuta imana injini petulo ndi moto. Injini izungulira osalira, kapena ilira kamphindi nizima.

Cifukwa cace munthu wogula kompyuta ya m'galimoto yokhala ndi imobilaiza agulenso kiyi wace ndi kabokosi kowerenga kiyiyo, zonse za m'galimoto imodzi. Akapanda kutero adzafuna katswiri wokhala ndi makina ophunzitsa kompyuta kiyi watsopano, ndipo akatswiri otere apezeka makamaka m'matauni aakulu. Kucokera ku Nyimba kufika ku Lusaka pali makilomita oposa 300, kucokera ku Petauke pafupifupi 400, ndipo kucokera ku Petauke kufika ku Chipata pali oposa 150. Ulendo uli wonse wotere ndi ndalama zoonjezera.

Cinanso n'cakuti galimoto ya makono iri ndi makompyuta angapo, ya injini, ya mabuleki, ya ciongolero ndi ya mawotchi, ndipo onsewa alankhulana kudzera m'mawaya awiri opotana. Njira imeneyi itchedwa CAN. Kampani ya Bosch inailengeza m'caka ca 1986, ndipo Mercedes-Benz inaiika m'galimoto m'caka ca 1991. Kompyuta yacilendo ikalowa pakati pa anzacewo, mau ace samveka kwa iwo. Pamenepo singano yosonyeza kutentha kwa madzi ikhoza kugona pansi injini iri kuwira, ndipo woyendetsa akwera zitunda za Luangwa wopanda comcenjeza pa cinthu cimene cinapha injini yoyamba ija.

ZOFUNSA POGULA

Safunsa anadya phula. Munthu asanatumize ndalama, ayambe wadziwa galimoto yace. Pa thupi la galimoto pali kacitsulo kapena kapepala kolembedwa mtundu wace, monga NZE121, ndi dzina la injini. Pa kompyuta pomwe pali nambala. Pa Toyota zambiri nambalayo iyamba ndi 89661, ndipo ya hanesi ya injini iyamba ndi 82121. Makanika ajambule manambalawa ndi foni, ajambulenso masoketi a pa injini yakufa, natumize zithunzizo kwa amene ali pa sitolo, kuti afanizire ndi maso ace asanapereke ndalama.

Wogula afunse galimoto imene injiniyo inacokeramo, caka cace, ndi mtundu wa giyabokosi yace. Ayang'ane ngati hanesi iri yathunthu, pakuti ophwasula magalimoto ena, pofuna kufulumira, adula hanesi ndi cikasi, ndipo hanesi yoduka pakati ndi nchito ya masiku ambiri kwa makanika wa mawaya. Ngati afuna injini yosiyana ndi yakale, njira yabwino ndiyo kugula hafukati, ndiko kunena theka la kutsogolo la galimoto lodulidwa pamodzi ndi injini, giyabokosi, hanesi, kompyuta ndi dashibodi. Mtengo wace ndi wokwera, koma zonse za m'menemo zinacokera ku fakitale ziri pamodzi. Kiyi asaiwalike.

Pomaliza, wogula atenge lisiti yolembedwa nambala ya injini, ndipo masiku a citsimikizo alembedwe pomwepo. Akumbukire kuti masikuwo ayamba kuwerengedwa injini ikali mu Lusaka, ndipo ena atha pa mseu ndi poimanga. Apangane ndi wogulitsa kuti masikuwo akwanire ulendo wa ku Petauke.

M'GARAJA

Makanika wosamala ayamba ndi kucotsa waya wa ku batire asanakhudze soketi iri yonse, ndipo salola kuotcherera pa galimoto kompyuta iri yolumikizidwa, pakuti moto wa makina ootcherera ukhoza kuipsereza. Pozula masoketi awalembera zizindikiro, kuti pobwezera asasokoneze. Saiwala mawaya a ethi, olumikiza injini ku thupi la galimoto. Waya wa ethi akakhala wosamanga bwino kapena wadzimbiri, masensa anama, ndipo munthu agula zitsulo zatsopano pacabe.

Polumikiza mawaya awamangira ndi mtobvu kapena ndi zopanira zace, nawakuta bwino, cifukwa waya wongopotedwa ndi zala amasuka pa miseu ya fumbi ya kumidzi. Hanesi aipitiriza kutali ndi ekizozi ndi malamba ozungulira. Fyuzi ikapsa afuna cimene caipsereza, naika yina ya nambala yomweyo. Woika waya kapena cikepa ca m'paketi ya fodya m'malo mwa fyuzi aitana moto, pakuti tsiku lina hanesi yonse idzapsa m'malo mwa fyuziyo. Poyesa mawaya a masensa agwiritsa nchito mita, cifukwa nyali yoyesera ya babu ikoka moto wambiri ndipo ikhoza kuononga kompyuta.

Ngati galimoto inali ya kabuleta ndipo tsopano ilandira injini ya mainjekita, pampu ya petulo isinthidwe, pakuti mainjekita afuna petulo wa mphamvu yopambana ya kabuleta kangapo. Kompyuta iikidwe pouma ndi pokwera, kumene madzi a m'mitsinje ya nyengo ya dzinja sangafike. Ndipo galimoto yonyamula cimanga kapena yogona pafupi ndi nkhokwe isesedwe bwino, cifukwa makoswe akalowamo atafuna mawaya.

Koposa zonse, cimene cinapha injini yakale cikonzedwe injini yatsopano isanayambe ulendo. Radiyeta yotsekeka, paipi yodontha kapena fani yosazungulira zidzapha yaciwiri monga zinaphera yoyamba.

MAKINA OWERENGA MATENDA

Kompyuta iri ndi ubwino wace: ikamva mau olakwa iwasunga, niyatsa nyali yacikasu ya cithunzi ca injini pa dashibodi. Kuyambira m'caka ca 1996 dziko la America linalamula kuti magalimoto onse atsopano akhale ndi soketi ya mapini 16 pafupi ndi ciongolero, ndipo soketi imeneyi inafala pa dziko lonse. Makanika alowetsapo makina, nawerenga nambala ya bvuto. Nambala ya P0335 inena kuti mau a sensa ya kirankishafuti sali kufika bwino. Pa Toyota nambala ya B2799 inena kuti kompyuta ndi imobilaiza sizikumvana.

Timakina tina ting'onoting'ono tilumikizika ku foni ndipo sitikwera mtengo, ngakhale kuti magalimoto ena akale opangidwira msika wa ku Japan salankhula nato. Koma makinawo angosonyeza pamene mau atayika, ndipo sanena kuti cakufa n'citi. Pambuyo pa kusintha injini, kawirikawiri colakwa ndi waya wosafika, soketi yosalowa bwino, kapena sensa ya caka cina. Wanzeru ayesa mawaya asanagule sensa. Ndipo makanika amene acotsa babu la nyali yacikasu, kapena aimata ndi tepi kuti mwini asaione, wabisa matenda. Kompyuta yosowa mau a sensa iyendetsa injini mongoyerekeza, ndipo petulo atha msanga ndi mphamvu icepa.

LAMULO

Nambala ya injini ilembedwa m'buku loyera la galimoto, cifukwa cace mwini wosintha injini ayenera kudziwitsa bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pa mseu la m'caka ca 2002, kuti bukulo likonzedwe. Apa ndi pamene lisiti ija igwira nchito, pakuti ndiyo umboni wakuti injiniyo inagulidwa moyenera ndipo siyakuba. A inshuwalansi nawonso adziwitsidwe, makamaka ngati injini yatsopano iri yaikulu kuposa yakale. Wonyalanyaza izi adzabvutika popimitsa galimoto, pa zipata za apolisi, ndi tsiku limene adzafuna kuigulitsa.

KUWERENGERA MTENGO

Mtengo umene wogulitsa atchula pa foni ndi wa citsulo cokha. Mwini galimoto aonjezerepo mtengo wa lore, wa hanesi, wa kompyuta ndi kiyi, wa makanika wa mawaya, wa maulendo a ku Lusaka kapena ku Chipata, ndi wa masiku amene galimoto idzakhala pa miyala pamene anzace ali kututa cimanga ndi nshawa kunka ku misika. Akawerengera zonsezi, ambiri adzapeza kuti injini yofanana ndithu ndi yakale ndiyo yotsika mtengo, ngakhale pa sitolo ioneke yodula pang'ono. Amene afunitsitsa injini ya mtundu wina aigule pamodzi ndi hanesi yosadulidwa, kompyuta ndi kiyi, zonse za m'galimoto imodzi, ndipo ayambe wapangana ndi makanika wa mawaya ndalama zisanacoke m'thumba.